Chekechani ndi Puikani: Phunziro la Maina ndi la Kuganiza Molongosoka

Inu aphunzitsi a katekisimu amene mumasenza mtolo wophunzitsa m'midzi momwe wansembe amafika mwa kamodzikamodzi, phunziro la lero ndi lachilendo pang'ono m'nyuzi ino. Tikamba za luso la kuganiza molongosoka, limene ophunzira amalitcha lojiki, ndiponso za mbale wake, ndiye maphunziro a tanthauzo la mawu. Mnyamata wofuna unsembe asanayambe maphunziro a za Mulungu, Eklezia amayamba wamkhazika pansi kuti aphunzire filosofi, ndipo khomo lolowera m'nyumba imeneyo ndi lojiki. Eklezia amatero podziwa kuti munthu angathe kukhala ndi chikhulupiriro choona, nachiteteza ndi mfundo yokhota; ndipo tsiku limene mwana wasukulu wochenjera adzagwetsa mfundoyo pamaso pa anzake, chikhulupiriro cha ena chidzagwera nayo limodzi.

Tiyambe ndi za kuthambo, zimene aliyense waziona ndi maso ake. Makolo ena a Chinyanja ankati mwezi uli ndi akazi awiri. Woyamba ndi Chekechani, nyenyezi yowala ija ya mbandakucha imene ambiri timaitcha Nthanda. Ameneyu ndi mkazi womana, ndipo mwezi ukakhala kwa iye umaonda mpaka kutsala pang'ono kutha. Wachiwiri ndi Puikani, nyenyezi ya kumadzulo yooneka dzuwa litangolowa. Mwezi umafika kwa iye uli woonda ngati chikhadabo, nuyamba kunenepa usiku ndi usiku. Nthano imeneyi anailembanso Alice Werner m'buku lake la 1933. Makolowo anapenya bwino, pakuti mwezi watsopano umaonekeradi kumadzulo nukula, ndipo mwezi wokutha umaonekera kum'mawa uli woonda. Chimene sanadziwe ndi chakuti akaziwo si awiri. Ndi chinthu chimodzi, pulaneti yotchedwa Venus, imene imazungulira dzuwa monga dziko lathu, koma m'njira yamkati, kufupi ndi dzuwa kuposa ife. Chifukwa chake siitalikira dzuwa: kwa miyezi 8 kapena 9 imalitsatira madzulo, kenaka imabisala masiku owerengeka, nitulukira mbali ina kulitsogolera m'mawa, ndipo ulendo wonsewo umatenga masiku 584. Agiriki akale nawonso anali ndi maina awiri, Phosphoros ndi Hesperos, asanazindikire kuti ndi imodzi. Tsono mwezi tiusiye, sunalowepo mitala.

Tsopano taganizani ziganizo ziwiri izi: "Chekechani ndiye Chekechani," ndi "Chekechani ndiye Puikani." Zonse ziwiri n'zoona. Choyambacho sichiphunzitsa kanthu, ndipo mukachinena kwa nkhalamba idzakufunsani ngati mwalawa wamasese. Chachiwiricho chingathe kudabwitsa mudzi wonse, ndipo anthu anachipeza atayang'ana kuthambo zaka zambiri. Nanga kusiyana kwake kuli pati? Ngati ntchito ya dzina ili kuloza chinthu basi, monga chala, ndipo maina awiriwa akuloza chinthu chimodzi, ziganizo ziwirizi zikanayenera kunena zofanana. Koma sizitero.

Amene anagwira funso limeneli ndi manja awiri ndi Gottlob Frege, mphunzitsi wa masamu pa sukulu ya ukachenjede ya ku Jena, m'dziko la Germany, amene anabadwa mu 1848 namwalira mu 1925. Pa moyo wake anthu omvera maphunziro ake anali ochepa, koma lero amawerengedwa pamodzi ndi Aristotle pa za lojiki. M'chaka cha 1892 analemba nkhani yoyankha funsoli, ndipo chitsanzo chake chinali nyenyezi yomweyi ya m'mawa ndi ya madzulo. Iye anati dzina lili ndi zinthu ziwiri. Pali chinthu chimene dzinalo likuloza, chimene m'Chijeremani anachitcha Bedeutung. Ndipo pali njira imene dzinalo likutifikitsira kwa chinthucho, imene anaitcha Sinn. Chitsime ndi chimodzi, koma njira zotungira madzi ndi ziwiri, ina yochokera kumunsi kwa mudzi, ina kumtunda. Ndipo mlendo angathe kuyenda njira zonse ziwiri masiku osiyana, osazindikira kuti wamwa madzi a chitsime chimodzi. Dzina la Chekechani limatifikitsa kwa Venus podzera kum'mawa, la Puikani podzera kumadzulo. Chiganizo chachiwiri chija chimaphunzitsa chifukwa chimatiuza kuti njira ziwirizo zimathera pamodzi. Frege anachenjezanso kuti njirayi si chithunzi cha m'mutu mwa munthu mmodzi ayi, pakuti zithunzi za m'mitu zimasiyana munthu ndi munthu. Njirayi ndi ya onse olankhula chilankhulocho, ndipo n'chifukwa chake timamvana.

Zimenezi zikutikhudza ife pa nkhani ya maina a Mulungu. Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira mu 1274, anafunsa funso lofanana nalo m'buku lake lalikulu la Summa Theologiae, gawo loyamba, funso la 13. Popeza Mulungu ndi mmodzi, wopanda zigawo, ndipo ubwino wake, nzeru zake ndi chilungamo chake si zinthu zitatu zosanjikizana mwa Iye, kodi tikamati wabwino, wanzeru, wolungama, sitikungobwereza mawu amodzi? Woyerayo anakana. Anati maina onsewa akuloza Mulungu mmodzi, koma nzeru zathu zimamufikira podzera m'zolengedwa, momwe ubwino, nzeru ndi chilungamo timazipeza zili paderapadera. Kotero dzina lililonse lili ndi njira yake. Sindikunena kuti Thomas Woyera ndi Frege anaphunzitsa zofanana m'zonse, koma pa mfundo iyi anaima pafupi kwambiri.

Tsono akatekumeni achikulire amafunsa kawirikawiri kuti: "Kodi Chauta wa makolo athu ndi Mulungu wa Akhristu ndi mmodzi, kapena ndi awiri?" Pano pali maenje awiri, wina kumanja wina kumanzere. Mphunzitsi wina amayankha kuti ndi awiri, chifukwa zimene makolo ankanena za Chauta zikusiyana ndi za m'katekisimu. Ameneyu wafanana ndi munthu woumirira kuti nyenyezi ndi ziwiri chifukwa maina ndi nthano zake n'zosiyana. Wina amayankha kuti ndi mmodzi, choncho zonse zimene makolo ankanena ndi kuchita n'zofanana ndi Uthenga Wabwino. Ameneyu waiwala kuti munthu angathe kuloza chinthu chenicheni, nanena za icho zina zoona, zina zolakwa. Nkhalamba yonena kuti Chekechani ndi womana inali kulozadi Venus, ngakhale Venus sanamanepo mwezi nsima. Ngati makolo ponena Namalenga ankatanthauza Iye amene analenga zonse, woposa mizimu yonse, wotere ndi mmodzi yekha, palibe wachiwiri woti dzinalo likamgwere. Dzina la Chauta limatikumbutsa uta wa Leza wa m'mitambo ya mvula, la Mphambe limatikumbutsa mphamvu ya bingu ndi mphenzi, la Namalenga limatikumbutsa kulenga: njira zambiri, koma Mwini mmodzi. Omasulira Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998, anasankha dzina la Chauta poimira dzina loyera la Mulungu la m'Chihebri. Koma kuti Mulungu ameneyo ndi Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, ndi kuti Mwanayo anadzakhala munthu natifera, palibe njira ya makolo a mtundu uliwonse imene ikanatifikitsa pamenepo. Iye mwini anachita kutiululira.

Tisaiwale kuti mawu angathe kukhala ndi njira yomveka bwino, koma njirayo osafika paliponse. Bertrand Russell, wa ku England, anapereka chitsanzo mu 1905: mawu akuti mfumu ya lero ya dziko la France timawamva tonse, koma dzikolo lilibe mfumu. Kumveka kwa dzina sikutsimikiza kuti mwini dzina alipo. Thomas Woyera anakana mfundo ya Anselm Woyera pa chifukwa chonga chomwechi: kumvetsa tanthauzo la dzina la Mulungu sikukwanira kutsimikiza kuti Mulungu alipo, pafunika kuyambira pa ntchito zake zooneka. Apa Chichewa chathu chimatithandiza kuposa Chingerezi ndi Chilatini, zimene zimagwiritsa ntchito mneni mmodzi pa zinthu ziwiri; ife timati "Mulungu ndi wabwino" ponena za khalidwe lake, koma "Mulungu alipo" ponena za kukhalapo kwake, ndipo ngakhale mwana sasokoneza.

Pali lamulo lotuluka m'zimene tanenazi. Ngati maina awiri akuloza chinthu chimodzi, mungathe kuchotsa lina ndi kuikapo linzake, chiganizo chikhalabe choona. Ngati Nthanda ili kufupi ndi dzuwa kuposa ife, Puikani nayenso ali kufupi ndi dzuwa kuposa ife. Pa Msonkhano Waukulu wa ku Efeso, mu 431, Maepiskopi anaganiza motere pomwe. Nestorius, Episkopi wa ku Constantinople, ankati Maria atchedwe Amayi a Khristu, osati Amayi a Mulungu. Cyril Woyera wa ku Alexandria ndi anzake anayankha kuti mayi amabala munthu wina wake, ndipo Iye amene anabadwa mwa Maria ndi yemweyo amene ali Mwana wa Mulungu chikhalire, si awiri ayi; choncho Maria ndi Amayi a Mulungu. Mukamaphunzitsa zimenezi muzinena poyera kuti sitikutanthauza kuti umulungu unayambira mwa Maria. Dzinali likuteteza choonadi cha za Yesu: kuti wogona modyera ng'ombe ndi wolenga nyenyezi ndi mmodzi.

Koma lamuloli lili ndi malire, ndipo Frege ndiye anawaonetsa bwino. Kumbukirani zimene Yohane Woyera akusimba m'mutu 20 wa Uthenga wake. Maria wa ku Magadala, ali kulira kumanda, ankaganiza kuti munthu woima pafupi nayeyo ndi wosamalira munda. Munthuyo anali Yesu. Kodi tinene kuti Maria ankaganiza kuti Yesu ndi wosamalira munda? Iyayi, iye ankaganiza kuti Yesu ndi wakufa, ndipo mtembo wake wachotsedwa. Maina awiri akuloza munthu mmodzi, koma tawasinthanitsa ndipo choona chasanduka bodza. Chifukwa chake n'chakuti pambuyo pa mawu onga akuti "akuganiza kuti," "akudziwa kuti," "akufuna kuti," sitikunenanso za chinthu chokha, tikunena za njira imene munthuyo akuchionera.

Musayese zimenezi masewera a ophunzira, pakuti zimalowa m'bwalo la milandu ndi m'malo olapira momwe. Mlenje waona tchire likugwedezeka, naponya mkondo poyesa mbawala, koma walasa mlamu wake. Kuti walasa mlamu wake n'zoona. Kuti anafuna kulasa chimene chinali m'tchiremo n'zoonanso, ndipo chimene chinali m'tchiremo ndi mlamu wake. Koma kunena kuti anafuna kulasa mlamu wake ndi kumnamizira. Angathe kukhala ndi mlandu wa kusasamala, ngati anaponya pamalo podutsa anthu asanaonetsetse, koma umenewo ndi mlandu wina. Katekisimu ikamati tchimo lalikulu limafuna chinthu chachikulu, kudziwa kwenikweni ndi kufuna mwadala, yaima pa kusiyanitsa komweku. Elizabeth Anscombe, mayi Wachikatolika wophunzitsa filosofi ku Oxford ndi ku Cambridge, analongosola nkhani imeneyi m'buku lake la 1957: ntchito imodzi ingathe kukhala yadala poitchula mwa njira ina, ndi yosakhala yadala poitchula mwa njira inzake.

Tibwere tsopano ku lojiki yeniyeni. Aristotle, Mgiriki amene anamwalira zaka 322 Ambuye asanabadwe, ndiye anayamba kuonetsa kuti mfundo ili ndi chikombole chake, monga njerwa. Dothi ndi zimene tikunena. Chikombole ndi kamangidwe kake. "Mbalame zonse zimaikira mazira, nkhanga ndi mbalame, choncho nkhanga imaikira mazira." Chikombole chimenechi n'chabwino: mukathiramo zoona, mudzatulutsa zoona nthawi zonse, kaya mukunena za mbalame, kaya za angelo. Koma tamvani ichi, chimene chagwetsa misozi yambiri m'midzi: "Mfiti zimayenda usiku, agogo aja anawaona akuyenda usiku, choncho ndi mfiti." Musayambe n'kukangana za ufiti. Tengani chikombole chomwecho, muthiremo dothi lina: "Agalu ali ndi miyendo inayi, mbuzi ili ndi miyendo inayi, choncho mbuzi ndi galu." Anthu akaseka, afunseni chifukwa chake sanaseke poyamba paja, pamene chikombole ndi chimodzi. Njira imeneyi yoyesera mfundo ndi yamphamvu, ndipo siifuna buku.

Zikombole za Aristotle zinagwira ntchito zaka zoposa 2,000, koma panali mfundo zina zimene sizinkalowamo bwino, makamaka pamene mawu akuti "aliyense" ndi akuti "wina" akumana m'chiganizo chimodzi. M'kabuku kake ka 1879, kotchedwa Begriffsschrift, Frege anapanga kalembedwe ka zizindikiro, konga ka masamu, koonetsa poyera kuti ndi mawu ati amene akulamulira anzake. "Mwana aliyense ali ndi mayi" n'zoona. "Pali mayi mmodzi amene anabala ana onse" ndi bodza. Pakamwa ziganizo zoterezi zimayandikana mpaka munthu kudumpha kuchoka pa china kufika pa chinzake osazindikira. M'kalembedwe ka Frege kudumphako kumaonekeratu.

Pano ndikupemphani, aphunzitsi, kuti mumvetsere bwino. Ambiri pofuna kutsimikiza kuti Mulungu alipo amati: "Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi wina, choncho pali Mmodzi amene anapanga zonse." Mathero ake ndi oona, koma mlatho wofikira kumeneko ndi wothyoka pawiri. Poyamba, ndi kudumpha komwe kuja kwa mwana aliyense ndi mayi mmodzi. Kachiwiri, ngati chilichonse chinapangidwa, mwana adzaimika dzanja nafunsa kuti, "Nanga Mulungu anapangidwa ndi yani?" ndipo kumkalipira sikudzakhala yankho. Russell ananena mu 1927 kuti funso lomweli ndi limene linamsiyitsa mfundo imeneyi ali mnyamata wa zaka 18. Koma Thomas Woyera sanaphunzitse kuti chilichonse chinapangidwa. Iye ananena za zinthu zimene zimasintha, zimene zimayamba ndi kutha, zimene kukhalapo kwake n'kochita kulandira. Ndabwereka khasu kwa mnansi, mnansiyo anabwereka kwa mkamwini wake, mkamwiniyo kwa wina. Muchulukitse obwereka mmene mungathere, koma ngati palibe mwini khasu, palibenso khasu loti libwerekedwe. Zolengedwa zonse kukhalapo kwake n'kobwereka, choncho alipo amene kukhalapo ndi kwakekwake. Kufunsa kuti ameneyo anabwereka kwa yani ndi kusamva mfundoyo. Ndipo kuti Mwiniyo ndi mmodzi, osati angapo, Woyerayo sanakudumphire. Anakutsimikiza padera, pa funso la 11. Msonkhano Woyamba wa ku Vatican unaphunzitsa mu 1870 kuti nzeru za munthu zingathe kudziwa Mulungu motsimikiza podzera m'zolengedwa. Sunanene kuti mfundo iliyonse yothera pa Mulungu ndi yabwino.

Frege mwini anakumana ndi tsoka. Mu June 1902, buku lake lachiwiri la maziko a masamu lili kosindikiza, analandira kalata ya Russell yomuonetsa kuti limodzi la malamulo ake limabala mfundo yodzitsutsa yokha. Fanizo lake ndi ili: pamudzi pali mwamuna wometa amene amameta amuna onse osadzimeta okha, ndipo sameta wina aliyense, nanga iyeyo amametedwa ndi yani? Akadzimeta, sayenera kudzimeta; akapanda kudzimeta, ayenera kudzimeta. Frege sanabise. Anawonjeza mawu kumapeto kwa bukulo, limene linatuluka mu 1903, kuvomera kuti maziko agwedezeka. Ndikanakonda kuti misonkhano yathu ya m'mipingo ikhale ndi anthu olandira chidzudzulo motere.

Kuchokera kwa Frege, Russell ndi Ludwig Wittgenstein wa ku Vienna kunabadwa mtundu wa filosofi umene tingautche filosofi yosanthula, chifukwa umayamba ndi kusanthula mawu ndi kamangidwe ka mfundo usanayankhe funso. Ena anatenga chida chimenechi nachisandutsa nkhwangwa yodulira chipembedzo. Mu 1936 A. J. Ayer, ali ndi zaka 25, anatulutsa buku lofalitsa ku England maganizo a kagulu ka ophunzira a ku Vienna. Iye anati chiganizo chili ndi tanthauzo pokhapokha ngati chili choona chifukwa cha matanthauzo a mawu ake okha, monga za masamu, kapena ngati chingayesedwe ndi maso, makutu ndi manja. Tsono mawu akuti "Mulungu alipo" sanawatche bodza. Anati ndi phokoso chabe, ndipo akuti "Mulungu kulibe" ndi phokosonso. Nkhwangwa imeneyi inaopsa ambiri kwa kanthawi. Koma tafunsani: lamulo la Ayer lomwelo, kodi ndi loona chifukwa cha matanthauzo a mawu ake? Iyayi. Kodi alipo analiona ndi maso kapena kulipima pa sikelo? Iyayinso. Choncho mwa muyeso wake womwe, lamulolo ndi phokoso. Bambo Frederick Copleston, wansembe wa chipani cha Ajezuiti, amene anatsutsana ndi Russell pa wailesi ya BBC mu 1948 za kukhalapo kwa Mulungu, anapanikiza Ayer ndi funso limeneli pa wailesi yomweyo mu 1949. M'zaka za m'ma 1970 Ayer mwini anavomera poyera kuti zambiri za chiphunzitsocho zinali zolakwa.

Masiku ano maganizo onga a Ayer mudzawamvabe kwa achinyamata obwera kuchokera ku sukulu zapamwamba, akuti chimene sayansi singathe kuyesa n'chopanda pake. Musawathamangitse, afunseni mofatsa kuti mawu amenewo anayesedwa ndi makina ati.

Chidacho sichinakhale m'manja mwa osakhulupirira okha. Anscombe uja anali wophunzira wa Wittgenstein, ndipo ndiye anamasulira m'Chingerezi buku lake lalikulu limene linatuluka mu 1953, mwini wake atamwalira mu 1951. Mwamuna wake, Peter Geach, Mkatolika mnzathu, anathandiza kumasulira zolemba za Frege mu 1952, nalembanso za Thomas Woyera. Michael Dummett, amene buku lake la 1973 lonena za Frege limalemekezedwa kwambiri, analowa Chikatolika mu 1944. Ku Poland kunali Bambo Józef Bocheński, wa chipani cha Dominiko Woyera, amene analemba mbiri ya lojiki kuyambira kwa Agiriki, ndi mnzake Bambo Jan Salamucha. Mu 1934 Bambo Salamucha anatenga mfundo ya Thomas Woyera yotsimikiza kuti Mulungu alipo, ija yoyambira pa kusintha kwa zinthu, nailemba m'zizindikiro za lojiki yatsopano, kuti aone phazi lililonse pamene laponda ndi zimene mfundoyo yatsamira popanda kuzitchula. Ntchitoyo sanaipitirize nthawi yaitali, pakuti nkhondo inabuka. Anaphedwa mu August 1944 ku Warsaw, kumene ankatumikira omenya nkhondo ndi ovulala pamene anthu a mumzindawo anaukira Ajeremani.